Dzuwa Lipempha Chitengwa

Pa Namitete, munthu wofuna kheni yothirira kudimba sankachita kufunsa njira. Ankangotsata phokoso la hamala, ngo ngo ngo, mpaka atawapeza a Tobias atakhala pachitsa kuseri kwa ogulitsa matemba, lata lili pamwendo, pensulo ili kukhutu. Pensuloyo palibe amene anaionapo ikulemba. Ankakhoma zidebe, mbaula, makheni ndi zotungira madzi pachitsime, ndipo chidebe chawo chinkatha kuchita dzimbiri chisanayambe kudontha. Anali munthu wamfupi, wadazi, wosachedwa kupepesa ngakhale atawaponda phazi ndi wina.

Kwawo kunali kupitirira Kabudula, m'mudzi wina wa m'mphepete mwa dambo. Ku Namitete anabwera ali mnyamata kudzakhoma mapaipi a mabalani a fodya pa esiteti ina, ndipo akanabwerera ntchitoyo itatha pakanapanda kwaya. Mukwayamo munali Salome, mtsikana wamawu okhuthala amene sankaseka zopanda pake. Anakwatirana kutchalitchi, a Tobias n'kumanga nyumba kumudzi kwa mkaziyo monga mwambo ulili. Analima munda wa apongozi, anakumba manda a anthu amene sankawadziwa n'komwe, anabereka ana n'kuwalera mpaka mwana woyamba, Mayeso, anakayamba ntchito mu Lilongwe. Akuluakulu amati mkamwini asamakule mwendo. Wa a Tobias sunakulepo ngakhale tsiku limodzi.

Ndiye anthu anadabwa kuti munthu wofatsa chotere n'kukhala mwini wa sewero lophwanya nthiti koposa onse m'parishi monsemo.

Zinayamba chaka china mvula itachedwa. Disembala anafika pakati kumwamba kuli ngwee, anthu pamsika akungolumana ngati agalu pachifukwa chilichonse. A Tobias ananyamula lata latsopano kuti alidule, latalo n'kugwedezeka, gudugudu! Mayi wina wogulitsa ufa anadzambatuka n'kuyamba kufunditsa ufa wake pepala lapulasitiki, maso ali kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Anthu anaseka. Sitikudziwa chimene chinawalowa a Tobias tsiku limenelo. Anagwedezanso latalo, n'kutulutsa mawu aakulu amene ngakhale Salome anali asanawamvepo.

"Ndine Mphambe! Mukundiyang'aniranji? Mvula mukumufunayo wapita kumaliro kwa azakhali ake, ndipo wavala nsapato zanga osabwereka. Akabwera ndiyamba ndamukalipira kaye, inu mudikire!"

Tsiku limenelo anagulitsa makheni onse. Loweruka lotsatira anthu anabwera kudzafunsa ngati Mvula wabwerako kumaliro, ndipo a Tobias anayenera kupeza yankho. Banja lakumwamba linabadwa chonchi, pang'onopang'ono, pakati pa zidutswa za malata.

Linali banja lachichewa lenileni. A Mphambe anali mwinimbumba, odziwa kugunda kokha, ntchito ayi. Mvula anali mwana wa mlongo wawo, mkazi wabwino koma wosasunga nthawi. Dzuwa anali mwamuna wake wa Mvula, mkamwini, n'chifukwa chake amalawirira tsiku lililonse anthu ena ali mtulo n'kumabwerera madzulo atafiira ndi kutopa, popanda womuthokoza. A Mwezi anali ndi mitala: akakhala kwa mkazi wamkulu amanenepa, akapita kwa wamng'ono amabwerako ngati chikwakwa. Azakhali a Mwera ankatenga nkhani khomo ili n'kukaitula khomo linalo itawonjezeka. A Napolo ankasamuka akangokwiya, ndipo posamukapo ankadutsa m'minda ya eni. Amene ankasekedwa kwambiri anali a Leza, amene anali ndi uta wokongola wamitundumitundu koma sanapheko ngakhale mbewa, chifukwa ankautulutsa ndewu itatha kale n'kumafunsa kuti, "Ali kuti? Ndigwireni!"

Akatekisiti a Bernard sanakondwere nazo poyamba. Anati Mphambe ndi Leza ndi mayina a Mulungu mmodzi yemweyo, si zoseweretsa.

"Zoona, aphunzitsi," anatero a Tobias, chipewa chili m'manja. "Namalenga sindimukhudza ayi. Ali m'nyumba, chitseko n'chotseka. Ine ndikunena za apabwalowa, aphokosowa, amene amatiwonongera chimanga."

Nkhaniyo inakafika kwa Bambo Mfumu, amene anapempha kuti aonereko pang'ono asanagamule. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Kuyambira pamenepo sewero la a Tobias linkachitika chaka chilichonse pabwalo la sukulu, Misa ya masika ikatha, anthu atapereka kale matumba awo a chimanga ndi mtedza. A Tobias ankasewera ngati Dzuwa, atavala chisoti cha lata chimene anachidula mano mano. Godfrey, wa kabaza wamimba yaikulu, ndiye anali Mphambe. Hana, mphunzitsi wa sukulu yamkaka, anali Mvula, ndipo ankayenda ndi kheni yodzadza madzi n'kumathirira aliyense wokhala kutsogolo.

Anthu ankati a Tobias ndi munthu wosangalala. Sankadziwa chimene chinkawadya mumtima.

Ku Kabudula kuja kunali mayi awo, a Ezeliya. Mayi akakalamba amasamalidwa ndi mwana wamkazi, ndipo a Ezeliya anali naye mmodzi, koma anamwalira osasiya mwana. Maso awo anachita ng'ala. Anayamba kuphika mopapasa, ndipo tsiku lina anapsa mkono ndi phala. A Tobias atapitako anapeza denga likudontha, munda wamera tsekera, mayi awo akuwauza kuti zonse zili bwino. Anawapempha kuti adzakhale nawo ku Namitete, koma a Ezeliya anakana. Anati pakhomo pawo amadziwa pamene pali mwala uliwonse, kwa eni akadzangokhala mtolo woti anthu aziulambalala. Pobwerera a Tobias anakankha njinga mtunda wautali osakwera, chifukwa misozi sinkawalola kuona msewu.

Njira inali imodzi: kupempha chitengwa, kuti amutenge Salome akakhale naye kwawo. Salome sanavute. Apongozi ake ankawakonda, ndipo anati munda wa kudambo ndi wabwino kuposa mchenga umene ankalimawo. Koma ananenetsa chinthu chimodzi.

"Bambo a Mayeso, ine sindichoka ngati wakuba. Atsibweni avomere kaye. Ndikachoka osatsanzika, tsiku la maliro anga adzandilira ndani?"

Atsibweni akewo anali a Jailosi, mwinimbumba. Mukamva mwinimbumba musaganize za munthu wankhanza. A Jailosi anali nkhalamba yansangala, yokonda alendo, yosadziwa kukana. Vuto lawo linali lakuti sankadziwanso kuvomera. Ankadziwika ndi zinthu ziwiri: jasi lakuda lochindikala limene anabwera nalo kumigodi ali mnyamata, limene ankavala ngakhale mu Okutobala, ndi mawu akuti, "Nkhani yabwino kwambiri imeneyo," amene ankawanena uku akukanda chibwano.

Mkamwini sapita yekha kukapempha chitengwa. Amatuma nkhoswe. A Tobias anatuma msuweni wawo, a Richard, amene anapita atanyamula nkhuku. A Jailosi anawalandira bwino kwambiri, nkhukuyo inaphedwa, anadya limodzi, ndipo a Richard anafotokoza chimene abwerera.

"Nkhani yabwino kwambiri imeneyo," anatero a Jailosi. "Tikambirana mvula ikagwa, mitima ili m'malo."

Mvula inagwa. A Richard anapitanso ndi nkhuku ina. Anauzidwa kuti nthawi ya kupalira si yokambira zaukwati, adikire akakolola. Atakolola kunagwa maliro m'mudzimo, ndipo sikukanakhala ulemu kukamba zosamuka anthu akadali m'chisoni. Chisoni chitatha anati fodya agulitsidwe kaye. Nkhuku za a Tobias zinatha m'khola, a Jailosi ananenepa masaya, a Ezeliya anapsanso, ulendo uno phazi.

Chowawa kwambiri chinali chakuti a Tobias sankatha kuwada a Jailosi. Ndi a Tobias amene ankawakweza a Jailosi panjinga kupita nawo kuchipatala mwendo ukatupa. Madzulo ambiri ankakhala limodzi pakhonde, a Jailosi akusimba za kumigodi, a Tobias akungoti, "Inde, apongozi. Zoona, apongozi." Nkhani ya chitengwa inkakhala pakati pawo ngati mlendo amene aliyense akumuona koma palibe womupatsa moni. Mwambo sunkawalola a Tobias kuitchula ndi pakamwa pawo.

Chimene pakamwa pakanika kunena chimapeza potulukira. Chaka chimenecho, pokonzekera masika, a Tobias anauza anzawo pansi pa mtengo wa mango pamene ankaphunzirira kuti sewero la ulendo uno ndi la Dzuwa kupempha chitengwa. Godfrey ndi Hana anayang'anizana.

"A Tobias," anatero Hana, "kodi anthu sazindikira?"

"Azindikira chiyani? Ndi zakumwamba izi. Mphambe ndi Mphambe basi."

Ankakhulupiriradi zimenezo, kapena ankadzikakamiza kuzikhulupirira. Anamuchenjeza Godfrey kuti asakande chibwano, asayerekeze kayendedwe ka munthu aliyense wa m'mudzi. Mathero ake anawakonza ofewa: Dzuwa akanizidwa, anyanyala, kugwa mdima, a Leza atulutsa uta wawo mochedwa, onse aseka, kenaka agwirizana kuti adzakambirana chaka chamawa. Anaganiza kuti mtima ukhala wapepukako, ndipo palibe amene akhale atanyozedwa.

Tsikulo linafika ndi mphepo ya Juni yolowa m'mafupa. Bwalo linadzaza, ena anachokera ku Msundwe pamathiraki a njerwa, ana atakwera m'mitengo. A Tobias anali kuseri kwa kalasi akumanga chisoti chawo pamene Godfrey anatulukira atavala kale. A Tobias atamuona, anasiya kumanga chisoticho. Godfrey anali atavala jasi lakuda lochindikala, lachigamba chachikopa pachigongono. M'dera lonselo jasi lotere linalipo limodzi.

"Iwe! Jasi ili lafika bwanji kuno?"

"Andipatsa ndi mayi a Mayeso," anatero Godfrey. "Akuti a Jailosi anawasiyira kuti asokerere mabatani. Akuti Mphambe sangamavale malaya akwaya chaka ndi chaka."

"Vula! Vula msanga!"

Koma ng'oma inali italira kale, ndipo Godfrey, amene anali asanamvepo kukoma ngati m'jasi limenelo, anali atalowa m'bwalo. Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka. Amayi ena anagwa chagada pamphasa. A Tobias anasuzumira pakona. Kutsogolo kwenikweni, pabenchi ya akuluakulu, panali a Jailosi atavala shati yokha, manja ali m'khwapa chifukwa cha kuzizira. Cha kumbuyo, pakati pa amayi a kwaya, panali Salome. Maso awo atakumana, Salome sanaphethire n'komwe. Anangokonza duku lake n'kuyang'ana kutsogolo. Apa a Tobias anazindikira kuti mkazi wawo sanalakwitse, anachita dala.

Sewero linayamba. Godfrey anakhala pamtondo wovundikira atagwira nsonga ya chitenje cha Mvula. A Mwezi analowa akutsimphina, atanyamula nkhuku yamoyo kukhwapa.

"Odi kuno kwa a Mphambe!"

"Lowani, a Mwezi. Mwaondatu. Sabata ino muli kwa wamng'ono eti?"

"Musandikumbutse. Ndatumidwa ndi a Dzuwa. Akuti zaka zakwana, akupempha amutenge Mvula akakhale naye kwawo, kuseri kwa phiri."

Jasi lili ndi mphamvu zake. Godfrey anaiwala machenjezo onse. Dzanja linakwera lokha kukakanda chibwano.

"Nkhani yabwino kwambiri imeneyo. Nkhukuyo ikani apo. Tikambirana mvula ikagwa."

"Koma Mvula wake si ameneyu mwamugwira chitenjeyu?"

"Ndiye mukufuna ndimusiye? Ndikamusiya agwa. Akagwa tikambirana. Tikakambirana apita. Inu a Mwezi, mitala yakuwonongani mutu!"

Lata linagunda kuseri, gudugudu! Azakhali a Mwera anathamanga kukauza a Napolo kuti a Mphambe awanena kuti ndi njoka yopanda khomo, a Napolo n'kuyamba kumanga katundu. Mvula anakwiya n'kuthira madzi a Bernard, amene anali asanalakwe chilichonse. A Leza anafunsa ngati ndewu yayamba kuti akatenge uta, atauzidwa kuti inde anati ayamba akadya kaye. Anthu ankaseka n'kumacheuka kuyang'ana a Jailosi, n'kusekanso kwambiri. A Jailosi sankaseka. Maso awo anali pajasi lawo.

Inafika nthawi yoti Dzuwa alowe. A Tobias analowa m'bwalo. Ankayenera kunena kuti, "Ndanyanyala, mawa sindituluka, muyanike ufa wanu pa Mwezi." Koma sananene zimenezo. Chimene ankaona chinali chakuti zonse zatha: anyoza apongozi pamaso pa parishi yonse, chitengwa sadzachionanso, mwina ngakhale m'mudzimo auzidwa kuti anyamule hamala yawo azipita okha. Munthu akaona kuti zatha mantha amamuchokera. Anagwada pamaso pa Godfrey, monga mkamwini agwadira, n'kuyankhula ndi mawu awo enieni a tsiku ndi tsiku.

"Apongozi, ine sindinyanyala. Sindinanyanyalepo chibwerereni. Ndawala pamunda panu, ndaumitsa chimanga chanu, ana anu ndawaotha. Sindikuwerengera ayi, ndinachita mokondwa, ndipo pano ndimapakonda. Koma kuseri kwa phiri kuli mayi amene anandibereka. Saona. Amasonkha moto mopapasa. Anthu onse amaothera mwana wawo, iwo okha ndiye ali pamthunzi. Ndikuopa, apongozi. Ndikuopa kuti tsiku lina adzandiitana kuti ndikakumbe manda, ndisanawatungireko ndi madzi omwe."

Nkhuku ya a Mwezi yokha ndiyo inkamveka. Godfrey anayang'ana Hana, Hana anayang'ana pansi, chifukwa mawu amenewa sanaphunzirepo pansi pa mango paja.

A Jailosi anaimirira. Anatenga ndodo yawo n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowa m'bwalo. A Bernard anafuna kuwagwira, Bambo Mfumu anawaletsa ndi dzanja. Atafika pa Godfrey anangotambasula mkono. Godfrey anavula jasilo mofulumira ngati lagwira moto. A Jailosi analivala, anamanga mabatani onse amene Salome anasokerera, anamukankha Godfrey ndi ndodo kuti achoke pamtondo, n'kukhalapo iwo.

"Mphambe wanuyu ndi wabodza," anatero. "Amadziwa kukanda chibwano, koma sadziwa chimene chimayabwa."

Ena anaseka pang'ono, mwamantha.

"Inu a Dzuwa, mwanena zanu. Imvani za Mphambe. Mphambe ameneyu anali ndi mbumba yodzadza bwalo ngati ili. Wina anapita ku Lilongwe. Wina ku Joni. Ena ali kumanda uko, munakumba ndinu. Watsala ndi mmodzi, uyu wa kheniyu." Analoza Hana, koma maso awo anali kwa amayi a kwaya. "Mwinimbumba wopanda mbumba ndi ndani? Ndi nkhalamba yokhala pakhonde yokha, yolankhula ndi nkhuku. Mumati ndimafuna nkhuku zanuzo? Zina zinali zokalamba, zolimba ngati lamba. Ndimafuna mawa lake ndidzuke ndimve hamala ikulira kuseri kwa nyumba, ndidziwe kuti anthu akadalipo."

A Tobias anali chigwadire. Zaka zonsezi ankaganiza kuti a Jailosi amangozengereza mwa chibadwa chawo, ngati mmene ena amabadwira achibwibwi. Sanaganizepo kuti nkhalamba yosekaseka ija nayonso inali ndi mantha, ndipo mantha ake anali ofanana ndi a mayi awo. Anachita manyazi, ndipo anawamvera chisoni.

A Jailosi anapukuta mphuno ndi mkono wa jasi.

"Koma za moto mopapasazo a Richard sananene. Ankangoti mayi akalamba. Tonse takalamba." Anawayang'ana a Tobias. "Nkhani zaukwati sitikambira pabwalo la mpira ngati anthu opanda kwawo. A Richard abwere mawa m'mawa. Nkhuku asatenge."

Kenaka anatembenukira kuseri kumene kunali lata n'kukuwa kuti, "Nanga bingu lili kuti? Mphambe wayankhula!" Lata linagunda mwamphamvu kuposa kale lonse, anthu anaimirira, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. A Leza, amene sanamve bwino zimene zinachitika, anatulukira ndi uta wawo akufunsa kuti ali kuti, ndipo Bambo Mfumu anavulanso magalasi.

Madzulo ake kunyumba a Tobias anamufunsa Salome chifukwa chimene anachitira zoopsa chotere osawauza.

"Ndikanakuuzani mukanalola?"

"Ayi."

"Ndiye n'chifukwa chake. Amuna awiri akuluakulu kukhala pakhonde limodzi chaka chonse, wina 'inde apongozi', wina 'nkhani yabwino', mayi akupsa kumudzi. Ndinatopa nanu nonse."

M'mawa mwake a Richard anabwera chimanjamanja, ndipo kwa nthawi yoyamba a Jailosi sanakande chibwano. Anavomera chitengwa pamaso pa ankhoswe a mbali zonse. Anaikapo mfundo zawo, chifukwa mwinimbumba savomera chabechabe. Ana akhalabe a m'mudzi muno. Munda wa Salome usaperekedwe kwa wina, azibwera kudzaulima. Ndipo chaka chilichonse pa masika a Tobias azibwera sabata yathunthu kudzakonza sewero, koma Mphambe azikhala iwo eni ake, chifukwa Godfrey amawononga jasi ndi thukuta.

Anasamuka kumayambiriro a Ogasiti, pa kalole kobwereka. Anakweza mphasa, mbuzi, matumba a chimanga, chitsa chokhomerapo chija ndi mitolo ya malata. A Jailosi anakakamira kuti apite nawo. Anati mwana wa mlongo wawo sangakafike kwa eni ngati katundu wotumizidwa paminibasi, akamupereka okha m'manja. Anakhala kutsogolo ndi dalaivala, ndipo kuyambira pa Namitete mpaka kupitirira Nsaru anamusimbira za kumigodi osapuma. Atayandikira Kabudula nkhani zinawathera.

A Ezeliya anali atamva kuti abwera tsiku limenelo. Anali atasesa pabwalo okha, ndipo zinkaoneka: pena posesedwa kawiri, pena podumphidwa, zinyalala zitaunjikidwa pafupi ndi khomo m'malo mwa kudzala. Anakhala pamkeka atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, nkhope italoza kumene kunkachokera phokoso la galimoto. A Tobias anatsika n'kukagwada pambali pawo, ndipo mayiwo anawapapasa dazi n'kuseka.

A Jailosi anatsika movutikira. Anamugwira Salome padzanja ngati kamwana, anayenda naye mpaka pamkeka, n'kuika dzanjalo m'manja mwa a Ezeliya. Anaona zipsera za moto pamkono wa mayiwo.

"Mayi," anatero, "ndachedwa naye. Mundikhululukire. Koma mudziwe kuti ndakupatsani yense amene ndinali naye. Ndi yekhayu anatsala."

A Ezeliya anasisita dzanja la Salome kwa kanthawi. Kenaka anatambasula dzanja linalo, anapapasa mpaka anapeza mkono wa jasi, n'kuugwira.

"Ndikudziwa, bambo. Inenso uyu ndi yekhayu ananditsalira, ndipo wakhala kwa inu zaka zonsezi. Kumawawa, eti?"

A Jailosi anavula chipewa. Anavomera ndi mutu, ngakhale ankadziwa kuti mayiwo sakuona.

"Musabwerere lero," anatero a Ezeliya. "Galimotoyo ipite. Mugone kuno, mawa mugonenso. Nyumba ya malemu mwana wanga ilibe munthu, ndipo ine ndatopa kuyankhula ndekha."

A Tobias anapita kukauza dalaivala kuti asadikire, kenaka anayamba kutsitsa malata kuti aone ngati akwanira madenga awiri.